Ndalama Imene Ndinaikwecha

Mukafika pa msika wa Mitundu n'kufunsa za munthu amene anagulapo mbuzi yotsimphina m'mawa n'kuigulitsa masana ngati yoyenda monyada, akulozerani ine. Ndagulitsapo kaunjika, matayala a njinga, mawailesi olira pokhapokha uwamenye khofi, ngakhale nsapato ziwiri za phazi limodzi. Lamulo langa linali lakuti malonda ndi m'maso. Katundu wakuda sagulidwa. Chilichonse ndisanachiyale pa chiguduli ndinkayamba ndachipukuta, kuchikwecha, kuchipaka mafuta, mpaka mwini wake wakale akadutsa achisirire.

Zimene ndikufuna kunenazi zinachitika matipate atangoyamba kumene. Nthawi imeneyo aliyense anasanduka wamalonda, ndipo mitengo inkasintha munthu uli pakati ponenerera. Pakamwa pa anthu panatseguka. Kunabweranso mphekesera yakuti m'tauni muli mabwana oyenda ndi zikwama, ogula ndalama zakale ndi masimbi a makala pa mtengo woti munthu n'kugulira galimoto. Amene anagulitsadi sindinamuonepo. Aliyense ankangoti msuweni wa mnzake ndiye anagulitsa.

Apongozi anga aamuna anali tenanti pa esiteti ina ya fodya cha kunjira ya ku Malingunde. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, wa zala zakuda ndi utomoni wa fodya chaka chonse. Akazi awo anali atamwalira kale, ndipo mwa ana awo onse anatsala mmodzi yekha, amene ndi mkazi wangayu. Tsiku lina, ndili mkamwini watsopano, anabwera pa kaunjika wanga n'kuloza jekete. Mwachizolowezi ndinatchula mtengo woyambira, uja timatchula kuti wogula akuwe, ife titsitse, tonse tisangalale. Iwo anangopisa m'thumba.

"Ayi bambo, neneraniko," ndinatero, manyazi atandigwira.

"Mwanena mtengo, ndiye ndi womwewo," anayankha. "Kapena munanama?"

Jekete ija ndinawapatsa ulere. Anandigonjetsa osanenerera n'komwe, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati anachita dala.

Kwawo sankakudziwa. Anafika kuno ali kamwana, chaka cha njala, pa gulu la anthu ofuna ntchito m'maesiteti. Mayi awo anafera m'njira. Anawalera matenanti ena, dzina anawapatsa kapitawo, chinenero chawo anachiiwala. Ukawafunsa ankangoti, "Kwathu n'kumadzi," basi. Zaka za chipani chimodzi sankafuna n'komwe kuti nkhaniyi itchulidwe, chifukwa munthu wopanda mudzi ankachedwa pa geti ya msika akamafunsidwa khadi, ndipo mafunso akachuluka ankatha kumutcha wobwera. Koma zinthu zitasintha anayamba kuitchula okha. "Akuti tsopano munthu angathe kufunsa chilichonse," anauza mwana wawo. "Fodya wa chaka chino akagulidwa, ndikafunse kwathu. Ndisadzaikidwe ngati nkhuku ya chitopa, popanda wondilira wamagazi anga."

Fodyayo sanamuone akugulidwa. Anagwa m'chigafa akusoka masamba, n'kufa mbali imodzi, pakamwa n'kupotoka. Tinawatengera ku chipatala cha Mitundu pa ngolo. Kumva ankamva, maso ankationa, koma mawu anakana kutuluka.

Tsiku lachitatu mkazi wanga, amene ankawadikirira kuchipatalako, anaona kuti dzanja lawo lamoyolo likungokoka chingwe cha m'chiuno. Pa chingwepo panali kathumba kachikopa, kolimba ngati mwala. Anawafunsa ngati akufuna kuti akamasule, iwo anagwedeza mutu. Masana ake ndinam'peza atakhala pansi pa mtengo pamene odikirira odwala amaphikira, akutumbula ulusi ndi lezala.

"Nkhani ya kathumbaka anandiuzapo kamodzi ndili mtsikana," anatero. "Anawasokera ndi mayi awo asanamwalire. Akuti anawauza kuti akadzakula adzakaonetse kwa munthu wodziwa kuwerenga, kadzawabweza kwawo."

"Nanga zaka zonsezi amadikira chiyani?"

"Inu simukukaona? Kakuoneka ngati chithumwa. Akulu a mpingo akanamva, bwenzi atawadula. Ankangokamasula okha kuseri, n'kusokanso."

M'kathumbamo munali ndalama imodzi yachitsulo. Ine ndalama ndimazidziwa ngati mmene mayi amadziwira kulira kwa mwana wake. Ndagwirapo khobidi lobooka pakati lija la njovu, tiki, sheleni, za ku Joni, za Apwitikizi zimene othawa nkhondo ankabwera nazo. Iyi inali yachilendo. Inali yakuda ngati tsamba la fodya wa chikopa, yopanda bowo, yopanda mutu wa mfumu, yopanda nyama iliyonse. Mbali imodzi inali ndi zolemba zokhotakhota ngati njira za chiswe pa khoma. Mbali inayo inali ndi sikelo ya mbale ziwiri, yofanana ndi ya ogulitsa nyama. Ndiye m'mbali mwa sikeloyo, pamalo posalala, panali timizere tating'ono, tosazama, todzaza ndi litsiro lakuda, ngati mwana anaiseweretsa ndi msomali.

"Inu mumadziwa anthu ambiri," anatero mkazi wanga. "Kafunseni kuti ndalamayi ndi ya kuti. Adokotala akuti masiku sali ambiri. Amve dzina la kwawo asanapite, ndipo ife tidziwe kotumiza uthenga. Koma musagulitse."

"Ine? Kugulitsa cha apongozi?"

"Inu mukhoza kugulitsa mthunzi wanu womwe, atapezeka wogula."

Ndinaseka, iyenso anaseka pang'ono. Kunali kuseka kwathu komaliza kwa miyezi yambiri.

Ndinayambira mumsika momwemo. Maganizo anga anali akuti, poti pali sikelo, ndiye ndi kachitsulo kamene azungu a m'maesiteti ankapereka fodya akayezedwa. Madala ena ogulitsa misampha ya mbewa, amene anagwira ukapitawo zaka zambiri, anaitembenuza n'kupukusa mutu. "Mzungu sangaike chinthu popanda nkhope ya mfumu yake," anatero. Wina amene anakhalitsa ku migodi anati si ya kumeneko. Wogulitsa nyama anangoyamikira sikeloyo kuti ndi yoongoka kuposa yake. Pomaliza ndinapita kwa aphunzitsi ena opuma ntchito amene ankalembera anthu makalata pakhonde la positi. Anaiyandikiza kumaso, anaitalikitsa, kenako anandibwezera.

"Yada kwambiri, sindikuona bwino. Mwina ndi ya Amwenye."

Apa m'pamene mnzanga wogulitsa mabatire anandikokera kuseri kwa benchi yake. "Aise, ukudziwa chimene wanyamulacho? Zimenezi ndi zija akufuna mabwana a m'tauni. Koma amafuna yosalala. Ikakhala yokalikakalika chonchi amakudyera masuku pamutu, amati yawonongeka."

"Si yogulitsa."

"Ndakumva. Ndi ya apongozi. Koma apongozi akapita, idzakhala ya ndani?"

Ndisaname, pamene ndinkapita kwa womata machubu a njinga kukabwereka sandipepa, mitima ndinali nayo iwiri. Wina unkati ndiitsuke kuti aphunzitsi aja awerenge bwino. Winawo unkawerengera kale malata a nyumba. Ndinagula mandimu awiri, ndinapempha phulusa kwa mayi wokazinga mandasi, n'kukhala pa chitsa kuseri kwa msika. Ntchito imeneyi ndinkaidziwa. Madzi a mandimu anadya litsiro, phulusa linachotsa dzimbiri. Zolemba zokhotakhota zija zinatuluka bwinobwino, sikelo inaonekera mpaka tizingwe take. Koma timizere tija tinkaipitsabe katundu. Ndinapinda sandipepa, n'kutitsata kamodzikamodzi, modekha, monga ndinkachitira ndi hendulo ya njinga yakugwa. Sindinafulumire. Ndinaikapo luso langa lonse.

Itatha inali yofiira, yowala ngati yangotuluka kumene kosula. Ndinaiponya m'mwamba n'kuiwakha, ndikudzitama ndekha.

Kuchipatala mkazi wanga anaiyang'ana nthawi yaitali. "Timizere tija tili kuti?"

"Kunali kukalika chabe. Taona mmene yakongolera."

Anaiika m'dzanja la bambo ake. Iwo sanaiyang'ane msanga. Anayendetsa chala chachikulu m'mbali mwa sikelo muja, pang'onopang'ono, monga munthu amapapasira khomo la nyumba yake. Anayendetsanso kachiwiri. Kenako anaikweza kumaso, n'kutembenukira kwa ine. M'diso la mbali yamoyo munatuluka msozi umodzi n'kulowa m'khutu.

"Akondwa," ndinauza mkazi wanga. Mawu amenewo ndinawanenadi, ndi pakamwa panga pomwepa.

M'mawa mwake aphunzitsi aja anaiona bwino. "Zilembo izi ndi za Asilamu," anatero. "Ine sindiziwerenga. Pita ku Nathenje, pakhonde la sitolo yoyang'ana kumsewu waukulu pali telala wachikulire wovala kachisoti koyera. Ameneyo akuuza."

Ndinapalasa njinga kudutsa m'midzi, mvula itangokata kumene, matope akumata m'madigadi. Njira yonse ndinkayeseza mmene ndikauzire apongozi dzina la kwawo, ndi mmene mkazi wanga adzanditamire kwa anzake kuchitsime.

Telala uja ndinam'peza akusoka yunifolomu ya sukulu. Anali wokalamba kuposa apongozi anga, magalasi ake omangidwa ndi ulusi kumbali. Nditapereka moni ndinafotokoza nkhani yonse, kupatula za sandipepa. Anapukuta manja pa nsalu, n'kulandira ndalamayo ndi manja awiri.

"Iii, kalekale," anatero akumwetulira. "Agogo anga anali nazo zotere m'kachitini." Anawerenga zokhotakhota zija ndi chala, milomo ikugwedezeka. "Ili ndi dzina la mfumu ya ku Unguja, chilumba cha kunyanja ya mchere. Apa akuipempherera kuti Mulungu aisunge. Izi zili pakati pa sikelo ndi chaka, mwa kuwerenga kwathu. Yapitirira zaka zana."

Ndinaomba m'manja. "Basi! Ndiye kuti apongozi anga kwawo ndi ku Unguja. Ankanena okha kuti n'kumadzi."

Telala uja anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwana wanga, iwe sunagwirepo khobidi la mutu wa mfumu ya ku Mangalande?"

"Ndagwirapo ambiri."

"Ndiye kwanu ndi ku Mangalande?"

Mayi wina amene ankadikira diresi lake anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndalama izi zinkayenda ndi a malonda a nsalu ndi minyanga," anapitiriza telala. "Zinawoloka nyanja yathuyi m'madooko onse. Ungaipeze ku Nkhotakota, ku Salima, ku Mangochi, ngakhale kutsidya. Kumadzi n'kwakukulu. Ndalama sidziwa kwawo kwa munthu, lero ili ndi uyu, mawa ndi uyo. Mayi wanzeru zake sangauze mwana kuti imeneyi idzam'bweza kwawo." Anaitembenuzanso ndalama ija. "Pokhapokha ngati anapita nayo kwa mwalimu wa kumzikiti kuti alembepo."

Anadzuka, n'kutuluka pakhonde kupita padzuwa. Anaipendeketsa uku ndi uku. Anainyowetsa ndi malovu, anaipendeketsanso.

"Apa," anatero, akuloza m'mbali mwa sikelo ndi nsonga ya singano. "Apa panali mizere iwiri yolemba ndi dzanja. Ukuona kuti chitsulo chalowa pang'ono? Munthu analemba ndi kampeni. Ndinaonapo zotere pa mphete ndi pa zibangili. Mzere wapamwamba limakhala dzina la munthu ndi la kholo lake, wapansi mudzi. Wakwecha ndani?"

"Ndinailandira ili choncho," ndinayankha. Bodza linatuluka lokha, lisanadutse n'komwe m'mutu. Ndi matenda a ntchito yathu.

Iye sanatsutse. Anangoinunkhiza. "Zaka zana, koma ikununkha mandimu."

Ndinakhala pansi pa sitepe ya sitolo. "Ndine," ndinatero. "Dzulo."

Sananditukwane. Anatenga choko chake cholembera nsalu, anachipala, n'kupaka ufawo pamalopo, kenako anauzira. Palibe chinatsalira. Anatenga khala m'simbi yake, analiphwanya, anapakanso. Anayesa mafuta a makina. Anaitana mnzake wina wa maso akuthwa kuchokera kuseri kwa sitolo, awiriwo anaweramirana nthawi yaitali akulankhula chinenero chawo. Pomaliza anandibwezera.

"Wagwira ntchito yabwino," anatero. "Sunasiye kanthu."

"Yesaninso, madala. Ndikupatsani chilichonse. Njinga iyi itsale."

"Ukunenerera ndi ndani? Si ine ndabisa."

"Chabwino, ingonditchulirani mudzi uliwonse wa kunyanja, umene anthu ake anabwera kuno chaka cha njala. Munthuyo akufa. Angomva dzina, mtima ukhale pansi. Adziwa bwanji?"

Telala anabwerera pa makina ake, n'kulowetsa ulusi m'singano. "Midzi ndikuidziwa yambiri. Koma bodza limenelo ukasoke wekha. Ukuoneka kuti makina ake uli nawo."

Pobwerera ndinalisokadi. Ndinasankha mudzi umene ndinamvapo kwa ogulitsa usipa, ndinaupatsa mtengo wa mlambe ndi dooko la mabwato. Pofika pa mlatho wina wa mitengo bodzalo linali litakwanira bwino, loti ngakhale ine ndikanaligula.

Ndinafika kuchipatala dzuwa litapendeka. M'chipindamo munkanunkha mankhwala ndi phala. Mkazi wanga anaimirira atandiona, nkhope yake ikufunsa. Ndinagwada pambali pa bedi monga mkamwini, chipewa m'manja. Apongozi anandiyang'ana ndi maso omwe aja anandiyang'ana nawo pa kaunjika tsiku la jekete. Ndinatsegula pakamwa kuti nditchule mudzi uja, koma m'khutu mwanga munangomveka funso lawo lija lakuti kapena munanama. Iwo ankadziwa kale. Chala chawo chinali chitawauza dzulo lake. Zaka makumi anayi ndi kuposerapo ankapapasa timizere tija osadziwa kutiwerenga, ndiye ine ndikanawauza kuti telala wawerenga chiyani?

"Bambo," ndinatero, "ndalamayi ndi ya ku Unguja, kutali, yapitirira zaka zana. Koma kwanu si kumeneko. Dzina lanu ndi la mudzi wanu zinali pa timizere tija. Ndinatifufuta ndine, ndi sandipepa. Ndimafuna iwale."

Mkazi wanga anagwira chitsulo cha bedi. Apongozi anatseka maso. Patapita kanthawi anatambasula dzanja, ndinaikamo ndalama ija, anaifumbata. Kenako anadzikoka movutikira, ndi mbali imodzi yomweyo, mpaka anayang'ana kukhoma. Sindinganene kuti anandikhululukira, sindinganenenso kuti sanatero. Anamwalira patapita masiku atatu, m'mawa, anamwino akugawa mankhwala.

Tinawaika kumudzi kwa akazi awo, kumene anakhala mkamwini moyo wawo wonse. Anthu anabwera ambiri, matenanti anzawo anaimba bwino, adzukulu anakumba manda akuya. Koma pa maliro a kwathu kuno pamakhala nthawi imene woyendetsa mwambo amaitana akwawo kwa malemu kuti alankhule, anene kuti mwana wawo amulandira, avomereze kuti aikidwe. Mkulu amene ankayendetsa anali wa mudzi woyandikana nawo, nkhaniyi sankaidziwa. Anaimirira n'kunena kuti, "Tsopano timve kwa eni ake a malirowa, akuchimuna kumene bambowa anachokera."

Kunali zii. Anabwereza, mokweza, poganiza kuti akhala kumbuyo. Anthu anayamba kuyang'ana pansi. Anaitana kachitatu. Nkhuku inadutsa pakati pa bwalo ikutola zakudya. Kenako wina anam'nong'oneza, iye anakhosomola n'kuitana a mpingo. Ine amene sindinasowepo mawu pamaso pa munthu aliyense, ndinakhala pamenepo ndikuyang'ana zala zanga.

Mkazi wanga sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanatero, chifukwa mkangano ndimautha. Masabata angapo ankangondiphikira ndi kundichapira, osandiyang'ana kumaso. Tsiku lina akupeta chimanga pabwalo analankhula osatembenuka.

"Bambo anasunga litsiro lija moyo wawo wonse. Anathawa nalo njala, analibisa kwa akulu a mpingo, analibisa kwa mayi anga. Inu munangolisunga tsiku limodzi."

Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi ndalama ija. Ine ndinkaganiza kuti anaiika m'bokosi pamodzi ndi bambo ake.

"Sungani ndinu," anatero. "Poti mumakonda zowala."

Mabwana a zikwama aja anafikadi ku Mitundu chaka chotsatira, awiri, ovala masuti otuwa. Mnzanga wa mabatire anathamanga kudzandiitana. Ndinamuuza kuti ndinaitaya. Limenelo ndi bodza lokhalo pa moyo wanga limene linanditayitsa phindu.

Ndikadali nayo, m'kathumba komwe kaja. Inadanso yokha, pang'onopang'ono, mpaka inabwerera mtundu wake wakale. Zaka zoyambirira ndinkaitulutsa kawirikawiri n'kupita nayo padzuwa, poganiza kuti mwina litsiro likabwerera lidzapeza njira zake zakale. Sikelo ilipo, dzina la mfumu ya ku Unguja lilipo, pemphero lake lilipo. Pambali pake m'posalala ngati pachipumi pa khanda.

Ana athu atakula, wamkulu anabwera kuchokera kusukulu ndi ntchito yolemba za makolo ake. Za kwathu ndinamuuza mpaka anatopa, mudzi ndi mudzi, malume ndi malume. Kenako anafunsa kuti, "Nanga agogo aamuna a kwa amayi, kwawo kunali kuti?"

Mayi ake anasiya kusoka, n'kundiyang'ana. Anadikira kuti ndiyankhe ndine.

"Kumadzi," ndinatero.

Mwanayo anagwira pensulo, akudikira kuti ndipitirize.